Kodi mahosipawa 65 angadzutse ndege panyanja mu Okutobala?

Pepani ndakhala duu milungu ingapo. Mukudziwa kale mmene teremu ino imakhalira: mapepala ochonga ali mulu patebulo, magetsi akubwera mwa apo ndi apo, ndiye zolemba pano zimayamba zadikira.

Nkhani ya lero ena muidabwa. Ndikufuna ndikambe za ndege zotera pamadzi, ine wa ku Thyolo kuno, kumene madzi aakulu amene timawaona tsiku ndi tsiku ndi damu la pa esiteti. Chachititsa ndi uthenga wochokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Physical Science zaka zapitazo. Dzina sinditchula, koma a m'kalasi mwake amudziwa, uja ankakonza mawailesi a aphunzitsi n'kumalipidwa mandasi. Mayi ake anathyola tiyi zaka zambiri ndipo iye anakulira m'malayini a antchito. Pajatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pano ali ku Joni, akuthandiza pa galaja ina yokonza ndege zing'onozing'ono.

Abwana ake ndi bambo wachikulire ndithu. Ali ndi kandege kakale kotchedwa Piper J-3 Cub, ndipo agula timabwato tiwiri toti amange kunsi kwake m'malo mwa matayala. Maloto awo ndi oti tsiku lina akanyamule kandegeko palole, adzakamange m'mbali mwa nyanja yathu, n'kuuluka kuchokera pamadzi ku Cape Maclear. Mnyamata wathuyu amulonjeza mpando wachiwiri poti ndi kwawo. Tchuthi chawo chimagwa mu Okutobala. Funso lake linali lalifupi: "Aphunzitsi, injini yake ndi ya mahosipawa 65, yomwe inabwera nako kuchokera kufakitale. Abwana sakufuna kuisintha. Ikwana?"

Ine ntchito yanga ndi choko, koma funso limeneli ndi la Fomu 3, mutu uja wa mphamvu umene ana amaloweza kuti hosipawa imodzi ndi mawati 746 kenako n'kuiwala mayeso akatha. Ndiye ndinakhala pansi ndi pensulo.

Poyamba kandegeko. Kampani ya Piper ku America inapanga ma Cub amenewa kuyambira 1938 mpaka 1947, pafupifupi 20,000. Thupi lake ndi mapaipi achitsulo okutidwa ndi nsalu, anthu amakhala awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo ngati pa kabaza. Thanki yake imalowa malita 45 basi. Injini yake yotchuka ndi Continental A-65, yopanda ndi sitata yomwe: umaliza popukusa pulopela ndi manja. Kali pamatayala, kandegeka sikaloledwa kupitirira makilogalamu 553, kuphatikiza anthu, mafuta ndi katundu. Kali pa timabwato malire ake amafika cha pa 590. Musanyengeke ndi kukwerako, chifukwa timabwatoto timalemera kwambiri kuposa matayala amene achotsedwa, ndiye malo a anthu ndi mafuta amachepa osati kuchuluka.

Za Cape Maclear abwanawo sanangolota. Kampani ya ku Britain ya BOAC inkayendetsa ndege zazikulu zotera pamadzi, zotchedwa Short Solent, kuchokera ku Southampton mpaka ku damu la Vaal kufupi ndi Johannesburg. Ulendowu unayamba mu 1948, ndipo kuyambira chakumapeto kwa 1949 ndegezi zinkateranso ku Cape Maclear, alendo n'kugona pa hotela imene inali pamenepo. Sizinakhalitse. Mu Novembala 1950 BOAC inasiya ndege za pamadzi chifukwa mabwalo a pamtunda anali atachuluka. Solent inalibe timabwato tomangirira ngati Cub, thupi lake lenilenilo ndilo linali bwato, ndipo inkanyamula anthu 34 ndi mainjini anayi a Bristol Hercules, iliyonse mahosipawa 1,690. Manambalawa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Tsono n'chifukwa chiyani injini imene imakwanira bwinobwino pabwalo la udzu ngati lija la ku Luchenza imapereŵera pamadzi? Tayala limagudubuzika. Ukangoyamba kuthamanga, limakukaniza pang'ono chabe, ndipo kukanizako kumanka kuchepa mapiko akayamba kusenza. Madzi sachita choncho. Madzi ndi olemera kuposa mpweya nthawi pafupifupi 800. Ndege ikaima panyanja, timabwato timakhala titamira ndithu, ngati bwato la asodzi lodzaza usipa. Woyendetsa akatsegula mafuta onse, mphuno imadzuka, kumbuyo kumatitimira, ndipo timabwato timayamba kukankha chimulu cha madzi patsogolo pake. Pamenepa ndi pamene madzi amakaniza kwambiri pa ulendo wonse wonyamuka, ndipo liwiro likadali lochepa moti mapiko sanayambe kuthandiza. Ndege iyenera kukwera chimulu chimenechi ndi mphamvu ya injini yokha.

Ikachigonjetsa, timabwato timatuluka n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi, ngati maboti a injini aja amakoka alendo ku Mangochi. Kunsi kwa kabwato kalikonse, cha pakati, anadulapo ngati sitepe, kuti mpweya ulowe ndipo madzi asiye kukakamira chakumbuyo. Ndege ikakhala pa sitepe imeneyi kukaniza kumatsika, liwiro limakwera, kenako mapiko amanyamula. Koma injini ikalephera kudutsa chimulu chija, palibe chimene chimachitika. Ndege imangolima madzi, mphuno ili m'mwamba, woyendetsa sakuona bwino kutsogolo, injini ikutentha poti imazizira ndi mphepo ndipo mphepoyo palibe. Amene munakwerapo minibasi yodzaza matumba pa chitunda cha ku Chikwawa, kuchokera pa Thabwa, mukudziwa kulira kwa injini imene yapereka zonse koma sikusuntha.

Chodabwitsa china n'chakuti madzi a bata, aja osalala ngati kalilole m'mamawa, ndiwo ovuta kunyamukirapo. Palibe mphepo yakutsogolo yothandiza mapiko, ndipo timabwato timamatirira. Oyendetsa ena amayamba azungulira kuti avundule timafunde, ena amadzutsa kabwato kamodzi kaye kenako kinzake. Mphepo ya mwera ikabwera, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, vuto limatembenuka: mphepo ilipo yambiri koma mafunde ake kandege ngati aka sikangawapirire.

Tsopano pagona nkhani. Nambala yolembedwa pa injini si imene imakweza ndege. Imene imakweza ndi yotsala, utachotsa imene ndege ikudya kuti ingokhala m'malere osatsika. Aphunzitsi anzanga, apa sindifunika kufotokoza zambiri. Palibe wa ife amene amadya malipiro olembedwa pamwamba pa pepala. Timadya otsala m'munsi, boma litatenga msonkho, banki italanda yangongole, alandilodi atagogoda. Akakukweza ndi kachigawo kochepa chabe, zotsala m'thumba zimatha kuwirikiza kawiri, chifukwa lendi sinasinthe. Momwemonso kakachepa pang'ono, umagona ndi njala ngakhale pepala likunena kuti uli pantchito.

Tiyeni tiyerekeze, ngati chitsanzo cha pabolodi, kuti Cub yodzaza, ili ndi timabwato tolendewera tikukoka mphepo, ikufuna mahosipawa 45 kuti iziuluka osakwera osatsika. Nambalayi ndaiika ine kuti masamu aoneke. Injini ya 65 ikutsaza 20. Injini ya Continental C-85, imene eni ma Cub ambiri a pamadzi amaikamo, ikutsaza 40. Injini yakula ndi gawo losakwana limodzi mwa magawo atatu, koma mphamvu yokwerera yawirikiza kawiri.

Ndiye kubwere kutentha. Mahosipawa 65 aja anayezedwa pa mulingo wa nyanja yamchere, mpweya uli pa madigiri 15. Injini imapuma mpweya ngati ife, ndipo mpweya ukapepuka, mafuta amene ingawotche amachepa. Oyendetsa ndege ali ndi lamulo la pamutu: injini yamtundu uwu imataya pafupifupi maperesenti 3 pa mamita 300 alionse amene wakwera. Nyanja ya Malawi ili pamamita pafupifupi 474. Pamsinkhu umenewo mabuku amayembekeza madigiri 12. Digiri iliyonse yoposa pamenepo imapepuza mpweya ngati wakwera mamita ena 36. Tsono mu Okutobala masana ku Mangochi madigiri 35 si nkhani yachilendo. Kusiyana kwake ndi 23. Chulukitsani ndi 36, mupeza 828. Phatikizani ndi 474, mwafika 1,300. Ndege ili pamadzi, woyendetsa akuona asodzi akuyanika makoka, koma injini ikupuma ngati ili pafupi ndi nsonga ya phiri la Thyolo, limene ndi lotalika mamita 1,462.

Pamenepo yataya maperesenti 13. Ya 65 yasanduka ya 57, ya 85 yasanduka ya 74. Pa chitsanzo chathu chija, yoyamba ikutsaza 12, yachiwiri 29. Ndipo ndachita chifundo, chifukwa mumpweya wopepuka pulopela nayo imaluma pang'ono, mapiko amafuna liwiro lokulirapo asananyamule, ndipo chinyontho cha panyanja chimadyanso kagawo kake. Liwiro lokulirapo likutanthauza mtunda wautali ukukhukhuluzika pamadzi pamene pali mabwato, maukonde, ana osambira, penapake mvuu. Bwerezani masamu omwewa m'mamawa wa Juni, madigiri 15: injini ikuona ngati ili pa mamita 580, yataya maperesenti 6 okha, ndipo ya 65 ikupereka 61. Kandege komweko, nyanja yomweyo, koma n'kukhala ngati ziwiri zosiyana.

Pali njira ina yoonera zomwezi imene inandisangalatsa kwambiri, ndipo ndaipereka kale kwa a Fomu 3. Tengani kulemera kwa ndege yodzaza, mugawe ndi mahosipawa ake, muone kuti hosipawa imodzi ikusenza makilogalamu angati. Solent ija ya ku Cape Maclear inkalemera makilogalamu 35,380 ikadzaza. Mainjini anayi pamodzi ndi 6,760. Hosipawa iliyonse inkasenza makilogalamu 5.2. Piper Super Cub, mng'ono wake wa J-3 amene anabwera pambuyo, wa injini ya 150 ndi makilogalamu 794, akupereka 5.3. De Havilland Beaver, imene anthu ambiri a ndege za pamadzi amaitenga ngati mfumu yawo, makilogalamu 2,313 pa mahosipawa 450, ikupereka 5.1. Ndege zitatu, ina yaikulu ngati nyumba ya zipinda, ina yonyamula anthu awiri, opanga ake osiyana, mayiko osiyana, koma zonse zagwera pa 5. Cub ya abwana aja pa timabwato: 590 kugawa ndi 65, yankho ndi 9. Ndi injini ya 85 imatsikira pa 7. Mwana wina wamkazi wa kumbuyo kwa kalasi anaona yekha ndisananene, n'kufunsa ngati sindinalakwitse kulemba. Chimene chimaipulumutsa Cub ndi phiko lake lalikulu poyerekeza ndi thupi, moti imanyamuka pa liwiro lochepa kwambiri. N'chifukwa chake anthu akhala akuuluka nayo pamadzi ndi injini ya 65 kwa zaka zambiri, makamaka kumaiko ozizira, munthu mmodzi kapena awiri opepuka. Phikolo silithandiza pa chimulu chamadzi chija.

Beaver ili ndi mbiri imene imatikhudza. Kampani ya de Havilland ya ku Canada, nkhondo yachiwiri itatha, inatuma munthu wawo Punch Dickins kukafunsa oyendetsa ndege a m'nkhalango za kumpoto kwa dzikolo kuti akufuna ndege yotani. Anthuwa ankatera pa tinyanja ting'onoting'ono tozunguliridwa ndi mitengo. Anapempha mphamvu yambiri ndi kunyamuka pamtunda waufupi, za liwiro analibe nazo ntchito. Poyamba okonza anafuna kuikamo injini ya ku Britain yotchedwa Gipsy Queen, yocheperapo mphamvu, ndipo anatalikitsa phiko kuti ligwirizane nayo. Kenako Pratt & Whitney ya ku Canada inapereka mainjini a Wasp Junior a mahosipawa 450, otsala kunkhondo, pamtengo wotsika. Ndege inatuluka ndi zonse ziwiri, phiko lalitali ndi injini yaikulu. Inauluka koyamba pa 16 Ogasiti 1947, ndipo zinapangidwa 1,657 pofika 1967. Zambiri zikugwirabe ntchito mpaka lero ku Canada ndi ku Alaska. Kuno kwathu Central African Airways inkagwiritsa ntchito ma Beaver a matayala m'zaka za m'ma 1950 kufikira mabwalo ang'onoang'ono ngati Mzuzu ndi Karonga, ndipo Air Malawi itakhazikitsidwa mu 1964 inayamba nawo pamodzi ndi ma DC-3. Agogo athu ena anaiona ndi maso ndege imeneyi osadziwa kuti kwawo imateranso pamadzi.

Wina anena kuti, basi, ikanimo ya 150 nkhani ithe. Ayi, sizophweka choncho. Injini yaikulu imalemera, ndipo imakhala kumphuno kwenikweni. Kulemerako kumachotsedwa pa anthu ndi mafuta, komanso kumakankhira nsonga za timabwato m'madzi, chinthu chimene woyendetsa aliyense amachiopa potera. Imamwanso kwambiri. A-65 imatha malita pafupifupi 16 pa ola, C-85 cha m'ma 20, ndipo thanki ndi ija ya malita 45. Mafuta a ndege sagulitsidwa m'zigubu pamsewu wa ku Monkey Bay. Komanso sungangoika injini iliyonse imene wakonda. Kusintha kulikonse kuyenera kukhala kovomerezeka pamapepala a ndegeyo, kosainidwa ndi injiniya wa laisensi. Ubwino wa C-85, ndi mnzake C-90, ndi wakuti zinachokera kubanja limodzi ndi A-65, kukula kwake n'kofanana, ndipo mtundu wopanda sitata umangolemerapo makilogalamu ochepa. Ukaonjezera sitata, jenereta ndi batire, wabweza gawo la phindu lija. Ena amasankhabe kupukusa ndi manja, ataima pa kabwato ka kumanja kuseri kwa pulopela, ngakhale kuti ine kungoganiza zimenezo m'mimba mumatentha. Pulopela nayo imasinthidwa. Ya pamadzi amaikonza kuti iziluma mpweya pang'onopang'ono kuti injini izungulire msanga ponyamuka, ngati giya yoyamba ya lole ya tiyi pochoka kufakitale. Liwiro la paulendo limatsika, koma pamadzi umachokapo.

Abwana aja ndikuwamvetsa, ndisaname. Munthu amene wasunga chinthu cha zaka zoposa 75 chili ndi injini yake yoyambirira sakusunga chitsulo chabe. Bambo anga anali ndi njinga ya Humber imene sankalola kuikapo chishalo cha mtundu wina ngakhale chakale chitang'ambika. Koma njinga ikalephera chitunda umatsika n'kukankha.

Yankho limene ndinatumiza linali lotere. Ndi injini ya 65, amuna awiri akuluakulu, mu Okutobala, iwe usakwere. Ngati abwana akufunitsitsa injini yawo yakale, abwere nyengo yozizira, asankhe m'mawa umene mwera wagona, anyamuke okha ndi mafuta ochepa, iwe uziwajambula uli pamchenga. Ngati akufuna mukwere nonse, aike ya 85 kapena ya 90, yakaleyo aipukute bwino aisunge m'bokosi, tsiku lina adzaibwezeretsa akadzachotsa timabwato. Ndipo musanakambe za injini, kandegeko kakwere pasikelo timabwato titamangidwa, inu nonse mukwerenso pasikelo, muone chimene chatsala pa 590. Mwina nkhani ithera pomwepo. Za chilolezo ndinangokumbutsa kuti madzi a ku Cape Maclear mbali ina ali m'paki ya Lake Malawi National Park, ndiye kupatula akuluakulu oona za ndege pali enanso ofunika kuwaona.

Chovuta kwa mnyamatayu si masamu, amenewo anawamva nthawi yomweyo. Chovuta n'chakuti ndi mlendo m'dziko la eni, ntchito anaipeza movutikira, kunyumba kuno mayi ake ndi azing'ono ake awiri amadalira zimene amatumiza, ndipo amene akufuna kumutsutsayo ndi amene anamuphunzitsa kugwira sipanala. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sauzidwa kuti walakwa. Ndinamuuza kuti asawauze. Atenge pepala, alembe 474, 35 ndi 590, apite nalo nthawi ya tiyi n'kunena kuti, "Bwana, aphunzitsi anga akale andipatsa samu iyi, tandithandizeni." Munthu amene wauluka zaka zambiri lamulo la maperesenti 3 amalidziwa kuposa ine. Aisove okha ndi dzanja lawo.

A Fomu 3 atamva nkhani yonseyi anafunsa zimene ndinkayembekeza: nanga pa damu lathu la pa esiteti ingatere? Tinatuluka panja kukaliyang'ana kuchokera kuseri kwa labu. Minda ya tiyi ya kuno yambiri ili cha pa mamita 1,000. Pamenepo mabuku amayembekeza madigiri 8 kapena 9, ndipo masana a Okutobala timafika 30. Anawerengera okha, anapeza mamita pafupifupi 1,800, injini itataya maperesenti 18. Ya 65 yatsala 53, ndipo pa chitsanzo chathu yokwerera ndi 8 yokha. Damulo lili m'chigwa, monga madamu onse a kuno, tiyi akukwera mbali zonse ziwiri, ndipo kumapeto kwake kuli mzere wa bulugamu amene esiteti imadzala kuti ipeze nkhuni zoumitsira tiyi. Kutera ingatere ndithu, anatero mnyamata wina, koma pochoka adzaitengera pa thalakitala. Ndinamupatsa mamalikisi onse.